ZA PA KHOMO: Kompyuta Ikali Mlendo m'Cigwa ca Luangwa

Kale cuma ca pa khomo m'boma la Mambwe cinali njinga, wailesi ndi makina osokera. Masiku ano mwana wa sukulu kwa Jumbe kapena kwa Msoro apempha atate ace cinthu cina cimene iwo sanacigwirepo: kompyuta.

Makina amenewa anayamba kuoneka m'maofesi akuluakulu a m'Lusaka ndi ku migodi. Intaneti inafika m'Zambia m'caka ca 1994 kudzera pa Yunivesiti ya Zambia, koma m'nyumba za anthu kompyuta yalowa pang'onopang'ono. Kufufuza kwa bungwe la ZICTA kunaonetsa kuti mu 2015 mabanja 7 okha mwa 100 ndiwo anali nayo, ndipo mu 2018 anali 8. Ambiri a iwo anali a m'matauni.

Zifukwa zace n'zodziwika kwa mlimi aliyense. Mtengo wace ungathe kumeza ndalama zonse za thonje la caka cimodzi, makamaka ngati njobvu zinalowa m'munda wa cimanga ndipo banja liyenera kugula ufa. Ndiponso midzi yambiri ya kutali ndi mseu wa ku Mfuwe ilibe magetsi. Cimene calowa m'makomo ndi lamya ya m'manja, imene ikhuta moto wa kasola kakang'ono, itumiza ndalama, niuza mlimi mitengo ya mbeu.

Koma lamya siiphunzitsa mwana zonse. Pamene ana a Giredi 9 analemba mayeso a kompyuta koyamba mu 2015, m'masukulu ena a m'dziko muno analemba mpaka usiku cifukwa makina anali ocepa. Mwana amene sanazolowere makinawa adzabvutika pofuna nchito ya ukalaliki, kaya ku cipatala, ku boma kapena ku malo ogona alendo odzaona nyama.

Si banja lililonse lingagule kompyuta, ndipo palibe ca manyazi pamenepo. Mutu umodzi susenza denga. Makolo kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya, kwa Nsefu ndi kwa Malama angathe kukhala pansi ndi aphunzitsi ndi makhansala ao, napempha kuti ndalama za citukuko za CDF, zimene Boma linakweza mu 2022, zigulireko sukulu lao makompyuta ndi masola. Kompyuta ikafika ku sukulu, mwana wa mlimi wosauka adzaigwira pamodzi ndi mwana wa mwini sitolo.