Malasha a ku Moatize: tikudya lero, nanga mawa?

Mukaima pafupi ndi njanji ku Moatize, muona sitima zazitali zodzaza malasha zikupita ku doko la Nacala kudzera m'Malawi. Malashawa amabweretsa ndalama m'dziko. Mwina m'bale wanu amagwira ntchito kumgodi komweko.

Koma malasha akawotchedwa m'mafakitale akunja amatulutsa utsi wotenthetsa dziko. Dziko likatentha, mvula imasokonekera ndipo anamondwe amakula mphamvu. Mu 2019 namondwe Idai anaphwasula mzinda wa Beira, ndipo anthu oposa 600 anafa m'dziko muno. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ku Tete.

Mu 2015 mayiko anagwirizana ku Paris kuti achepetse utsiwu. Dziko la Moçambique nalo linavomera. Ndiye titseke migodi?

Kutseka lero kungapweteke osauka. Utsi wochokera kuno ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mayiko olemera. Komanso midzi yambiri ilibe magetsi. Boma linalonjeza magetsi kwa aliyense pofika 2030, ndipo lonjezo limeneli likufuna ndalama.

Komabe kudalira malasha okha n'koopsa. Mu 2022 kampani ya Vale ya ku Brazil inagulitsa mgodi wake kwa Vulcan, itanena kuti ikusiya malonda a malasha. Mayiko ambiri akufunafuna njira zina zopezera mphamvu. Tsiku lina ogula adzachepa, kapena malashawo adzatha.

Choncho ndalama za malasha zimange zinthu zodzatsala. Damu la Cahora Bassa limapanga magetsi ndi madzi a Zambezi popanda kuwotcha kanthu. Ku Mocuba magetsi a dzuwa anayamba mu 2019. Sukulu, milatho yolimba ndi minda yothirira nazonso zimatsala mgodi ukatsekedwa.

Inu muli ndi gawo lanu. Malamulo akuti 2,75% ya msonkho wa zokumbidwa kumgodi ibwerere kwa anthu a m'dera la mgodiwo. Ndiye kuti pa meticais 1000 alionse, 27 ndi theka ndi anu. Pamsonkhano wa m'dera lanu funsani akuluakulu a boma: chaka chino zabwera zingati? Zamanga chiyani? Kodi chomangidwacho chidzapirira madzi osefukira?

Sitima ikapita ndi malasha sibwera nawonso. Chimene ana anu adzapeze ndi chokhacho chimene ndalamazo zamanga.