Invesita woyamba wa kopaletivu ya kumudzi mukhale inu a pa msika

Amai ndi atate a pa msika wa Maramba, Dambwa, Libuyu ndi a mu tauni, nkhani iyi ni yanu.

Mudziwa bwino mmene cimakhalira matimati akaculuka. Bokosi limene munaoda pa Mande, pofika pa Citatu theka lafewa, mugulitsa motaya olo kutaya kumene. Mu December mango ku midzi ya ku Kazungula amaolera pansi pa mitengo. Koma ngenani mu sitolo yaikulu muno mu tauni muone tomato sosi, jamu ndi juwisi: zambiri zacokera ku Lusaka, makilomita opitirira 450, zina ku South Africa. Ise titaya cakudya, ena acikonza bwino, abwera kutigulitsa modula.

Alimi a kwa Mukuni, Musokotwane, Sekute, mpaka ku Zimba ndi Kalomo, zokolola ali nazo, ndipo ambiri ali kale mu makopaletivu. Cimene cisowa ni ndalama zogulira makina oyanikira ndiwo ndi zipatso, ogayira nshawa kukhala ciponde, osungira mkaka kuti usasase. Ndiye mau amene timva tsiku ndi tsiku ni akuti "tiyembekeza mainvesita". Ise tikuti invesita woyamba asacokere pa eyapoti ya Harry Mwaanga Nkumbula ndi sutikesi. Acokere pa thebulo la msika. Mukhale inu.

Cifukwa cake ni ici: fakitale ya cakudya imafa ikasowa wogula, olo makina akhale atsopano bwanji. Manje wogula amamudziwa ndani kuposa inu? Ndinu mudziwa kuti kasitomala wa mu komboni afuna kapaketi kang'ono ka mtengo wapansi, kuti pa mapeto a mwezi zinthu ziyenda, pakati pa mwezi zimaima. Invesita wakunja amalipira anthu kuti amufufuzire zimenezi. Inu muli nazo kumutu.

Livingstone inaphunzira kale za mafakitale a eni ake ali kutali. Kuno tinali ndi Livingstone Motor Assemblers yomanga mamotoka a Fiat, ITT Supersonic yopanga mawailesi, ndi mafakitale a nsalu. Cuma citatsegulidwa pambuyo pa 1991, anatsekedwa imodziimodzi, ndipo ambiri a inu ndinu ana a anthu amene anataya nchito kumeneko. Ku Mwinilunga fakitale yoika zinanazi mu zitini itafa, alimi anaona zinanazi ziola kwa zaka zambiri mpaka IDC inamanga ina, ya Kalene Hills. Wogulitsa pa msika analibe mau pa zonsezi, kaili analibe sheya olo imodzi.

Koma ziliko zimene zagwira nchito. COMACO, imene inayamba mu 2003 ku Eastern Province, igula nshawa, mpunga ndi uci kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo katundu wake wa It's Wild! mumuona pa mashelufu. Amai Sylvia Banda a Sylva Food Solutions anaphunzitsa alimi kuyanika ndiwo zathu zomwezi, cibwabwa ndi zina, mwaukhondo, zinapeza msika. Muno mu Southern Province, alimi a mkaka a ku Magoye anasonkhanitsa mkaka wao pamodzi mu kopaletivu, naugulitsa ku kampani yaikulu. Onsewa anadziwa kumene katundu adzapita asanaonjezere makina.

Mudzati, ndalama tizicotsa kuti? Tiyeni tiwerenge. Ogulitsa 200, aliyense K100 pa mwezi, ni K20,000. Pa caka ni K240,000. Za cilimba ndi village banking simufunika kuphunzitsidwa, ndinu akatswiri. Ndalama yotere simanga fakitale yaikulu, zoona, koma iyambitsa zoyanikira za dzuwa, kamakina ka ciponde, sikelo ndi mapaketi. Kuyamba pang'ono kuli ndi ubwino wina: simunaiwale 2024, cilala citaumitsa Kariba, malaiti kupita mpaka maola 21 pa tsiku, ngakhale ku Victoria Falls pafupi pomwepa pali makina a ZESCO opanga magetsi. Wa mafiriji analira. Dzuwa la Livingstone lilibe lodi shedingi.

Manje tamverani, sitikuti mupereke ndalama kwa aliyense wobwera ndi cidindo. Kuyambira pamene feteleza wa boma anayamba kupitira mu makopaletivu mu 2002, kunabadwa makopaletivu ambiri a mu cola: amadzuka nthawi ya feteleza, akalandira agonanso. Musanaike ngwee, funsani satifiketi yoonetsa kuti kopaletivu inalembetsedwa pansi pa lamulo la makopaletivu la 1998. Werengani malamulo ake, ngati ali mu Cizungu wina akumasulireni. Funsani akaunti ya ku banki ndi maina a osaina, asakhale mwamuna, mkazi wake ndi mlamu. Funsani kuti miting'i yaikulu ya pa caka inacitika liti, ndipo mabuku a ndalama anawaona ndani. Sheya iliyonse ikhale ndi lisiti. Mu kopaletivu membala mmodzi ali ndi voti imodzi, kaya ali ndi masheya angati. Cimeneci ndico citeteza wa thebulo limodzi kwa wa mathiraki. Ndipo musatenge kaloba kuti mugule masheya, olo kukhudza ndalama ya oda. Phindu la fakitale licedwa, wa kaloba sacedwa.

Nanga invesita wakunja timukane? Iyai. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo makina akulu, mafiriji ndi mathiraki afuna ndalama zimene cilimba sicingakwanitse. Koma kalumo kakuthwa kamacekanso mwini nyumba. Akabwera apeze alimi ndi ogulitsa ayamba kale, ali ndi mabuku oonetsa zimene agulitsa. Pamenepo mukambirana ngati anzake, osati ngati opempha. Mulembetse kampani ku PACRA mmene kopaletivu ili ndi masheya ake olembedwa. Malo a mudzi asakhale cikole ca nkhongole. Dzina la pa paketi likhale la kopaletivu. Njira yoikira mtengo wa mlimi ndi mtengo wa oda wa inu ogulitsa ilembedwe pa pepala. Mukapanda kutero, mawa adzayamba kupereka katundu ku masitolo akulu cabe, inu amene munamuonetsa msika nkutsala panja.

A boma naonso ali ndi mbali yao, ndipo tiwafunsa poyera. CDF inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni mu 2021 kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndi K36.1 miliyoni mu 2025 pa konsitityuwensi iliyonse. Mu ndalamazi muli gawo la magiranti ndi nkhongole za makopaletivu. Makhonsolo a Livingstone ndi Kazungula amate pa zipupa za misika mndandanda wa makopaletivu amene analandira, zingati, ndipo angati mwa iwo akonza cakudya lero. Ni ndalama za msonkho wathu, si cisinsi ca mu ofesi. Marketeer Booster Loan ya CEEC ithandiza pa oda, koma nkhongole yobweza msangamsanga siingagule makina amene abweza ndalama pa zaka. Tifuna nkhongole yoleza mtima. Tifunanso kuti kupimitsa cakudya ku ZABS kukhale kwapafupi ndi kochipa. Mu 2024 tinamva za cuku ca aflatoxin mu unga, ndipo cuku comweco cimakonda nshawa. Ciponde cosapimidwa mahotela sadzacigula. Ndipo mahotelawo ali pano pathu, alendo adya tsiku lililonse. Ulalo wa Kazungula unatsegulidwa mu May 2021, Kasane ali tsidya lomwelo. Mathiraki a ena adutsa, katundu wa alimi athu ali kuti?

Musayembekeze yankho lao kuti muyambe. Pa miting'i yotsatira ya cilimba canu, sankhani anthu atatu okhulupirika, awiri mwa iwo akhale azimai, kaili ndiwo asenza misika yathu. Apite ku mudzi kumene mumaoda matimati kapena nshawa, akakhale pansi ndi komiti ya kopaletivu, akaone mapepala, akabwere ndi mitengo ya makina yolembedwa. Mapepala akakhala oongoka, gulani masheya. Akakhala okhota, sungani ndalama yanu, mufune ina.