Trackball yanu ilibe kawilo? Bola yeve ichita scroll

Ngati mwagula trackball ya Logitech Trackman Marble pa salaula ya vinthu va kompyuta, mwaona kale vuto yake. Bola yofiira pakati, mabatani anayi, koma kawilo ka scroll kulibe. Manje muli pa Excel, mizere 600 ya stock, ndipo mufunika kugwira ka scrollbar kumbali na kukadonsa pang'ono pang'ono. Pofika 16 hours dzanja yalema, bwana akali kuyembekeza report.

Osaitaya. Bola yamene iyendetsa ka arrow ingachite scroll, mufunika che kuuza kompyuta ati: nikagwira batani iyi, bola isiye arrow, iyambe kuyendetsa page.

Batani yosankha ni ing'ono ya kumanzere. Nchito yake ni Back mu browser, ndipo kunena zoona, ni bangati bamene baisebenzesa?

Pa Windows, fakani X-Mouse Button Control. Ni yaulele, koma itengeni pa website ya eni ake che, osati pa ma link ya WhatsApp yamene yabwera na ma virus. Mukaitsegula, pezani Mouse Button 4, musankhe Change Movement to Scroll, mutinike Apply. Basi. Gwirani ka batani na chala chachikulu, vala vina vizungulutse bola, page iyamba kutsika. Ngati kompyuta ni ya pa nchito, pemphani ba IT poyamba, kaili ena salola kufaka ma program mwaweka.

Imwe ba Ubuntu, kwanu ni mzere umodzi mu Terminal:

gsettings set org.gnome.desktop.peripherals.trackball scroll-wheel-emulation-button 8

Iyo 8 ndiye nambala ya batani ija. Apa Back siisoba: mukatinika na kusiya mwamsanga, ibwelera kumbuyo monga kale. Scroll ibwera mukaigwirilira.

Ine nikuuzani, ivi viposa kawilo. Kawilo kayenda mwa ma step, tik tik tik, koma bola mukaikankha kamodzi page ithamanga patali, ndipo iyendanso kumbali, kumanzere na kumanja. Wa Excel wamene ali na ma column ofika ku Z amvetsa vamene nikamba.

Masiku awiri oyamba chala chizaiwala kugwira batani, arrow izathawira pakona ya screen. Vizolowereka. Ngati scroll igwiragwira, nthawi zambiri ni fumbi: chotsani bola, mupukute tumfundo tutatu twamene ikhalapo na kansalu kouma, muibweze.