Barbara Pravi sanapambane, koma musandiuzenso za Chingerezi

Sabata yatha tinakangana mpaka pakati pa usiku ku hostel. Mnzanga wina, amene amadziyesa katswiri wa nyimbo chifukwa choti ali ndi sipika yaikulu, anati woyimba wofuna kumveka dziko lonse ayimbe m'Chingerezi, basi. Umboni wake unali wakuti ngakhale Afalansa, ndi matama awo onse aja, sanapambanenso Eurovision chipambanireni Marie Myriam mu 1977. Chaka sanalakwitse. Koma mfundo yakeyo ndi yabodza, ndipo nyimbo imodzi ikukwanira kuigwetsa.

Kwa amene simuutsatira, Eurovision ndi mpikisano wa chaka ndi chaka womwe dziko lililonse limatumizako nyimbo imodzi. Theka la mapointi pa fainolo limachokera kwa oweruza, theka lina kwa anthu oonera pa TV, ndipo palibe amene amaloledwa kuvotera dziko lake.

Pa 22 May 2021, ku Rotterdam, Barbara Pravi anaima yekhayekha pa siteji. Zovala zakuda, maikolofoni imodzi, kuwala pang'ono. Panalibe ovina, panalibe moto wophulikaphulika umene mayiko ena amabisirako nyimbo zopanda mchere. Anayimba "Voilà", Chifalansa chokhachokha, nyimbo ya mkazi wopempha kuti anthu amuone ndi kumumvera monga alili. Imayamba ngati akunong'ona, kenako imathamanga mpaka mpweya kumuthera. Anapeza mapointi 499 n'kukhala wachiwiri. Mwa amenewa, 251 anachokera kwa anthu wamba a mayiko ena, ambiri mwa iwo osamva Chifalansa ngakhale moni.

"Komabe analephera," anatero mnzangayo. Chabwino, anagonja kwa ndani? Kwa Måneskin a ku Italy, omwe anapeza 524 akuyimba m'Chitaliyana. Wachitatu anali Gjon's Tears wa ku Switzerland, nayenso m'Chifalansa. Nanga eni ake Chingerezi? James Newman wa ku United Kingdom anabwerera kwawo ndi 0. Oweruza sanamupatse kanthu, oonera sanamupatse kanthu.

Chimene chimandikwiyitsa ndi chakuti Chingerezi sichinakakamizidwe pa mpikisanowu. Mu 1999 anachotsa lamulo loti dziko liziyimba m'chilankhulo chake, ndipo mayiko ambiri anathamangira okha ku Chingerezi ngati nkhuku zoona madeya. Kuyambira 1999 mpaka 2016, nyimbo yopanda Chingerezi ngakhale pang'ono inapambana kamodzi kokha, ya Serbia mu 2007. Anthu amatenga zimenezi ngati umboni. Umboni wanji, pamene zilankhulo zinazo zinkalowa mochepa chabe m'bwalo? Nawo Afalansa anayesako: mu 2008 anatumiza Sébastien Tellier ndi nyimbo ya Chingerezi pafupifupi yonse, andale kwawo anakalipa, ndipo iye anathera pa nambala 19.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti Chifalansa ndi chilankhulo chopatulika. Ife ophunzira mbiri tikudziwa mmene chinafikira ku Senegal ndi ku Mali, komanso mmene sukulu za ku France komweko zinkalangira ana olankhula Chibretoni. Sindikunenanso kuti kuyimba m'chilankhulo chako ndi mankhwala opambanira. Mu 2022 France inatumiza nyimbo ya Chibretoni ndipo inathera pa nambala 24 mwa 25. Loreen anapambana mu 2023 ndi Chingerezi, ndipo palibe amene anadabwa. Nyimbo yofooka imagwa m'chilankhulo chilichonse.

Chimene ndikukana ndi mantha amene amavala jekete n'kudzitcha nzeru za msika. Pravi akanamvera malangizo a mnzangayo, bwenzi atamasulira nyimbo yake n'kukhala mmodzi wa oyimba ambirimbiri a Chingerezi chobwereka, amene timawaiwala mpikisano usanathe. Mphamvu ya "Voilà" ili m'mene liwu limodzi lija limabwererabwerera, ulendo uliwonse molemera kuposa poyamba, komanso m'kamvekedwe kapakhosi kamene kanachititsa ambiri kukumbukira Édith Piaf. Zimenezo simungazinyamule kupita nazo ku Chingerezi. Ndipo mantha omwewa ndi amene timawauza anzathu oyimba pano pa kampasi, kuti Chichewa n'cha pa chinkhoswe, Chingerezi ndiye cha ndege.

Nthawi yonse imene tinkakanganayo, sipika ya mnzangayo inkaliza amapiano. Ndinamufunsa kuti mawu a Chizulu amene ankayimba nawo aja akutanthauza chiyani. Anangokweza voliyumu.