Nsima ikakana kutsika, Zomba ndi kutali

Matendawa amayamba mwakachetechete. Bambo wa ku Ntaja kapena ku Phalula amene ankamaliza mitanda itatu ya nsima ya matemba amayamba kutema timbamu ting'onoting'ono, n'kumatsitsira ndi madzi. Pakapita miyezi amapempha phala. Kenako phala nalonso limabwerera, ndipo pambali pa mphasa pamakhala kachitini kolavuliramo malovu. Achibale amati wadyetsedwa, mbuzi n'kupita kwa sing'anga. Pomwe amafika naye pachipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, munthu amakhala atatsala mafupa okhaokha.

Nthawi zambiri imeneyi ndi khansa ya kummero, ndipo Malawi ali m'gulu la maiko amene khansayi yafala kwambiri padziko lonse. Chopweteka n'chakuti madokotala akudziwa kale zambiri. Mu 2016 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, lidachenjeza kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zitha kuyambitsa khansa ya kummero. Kafukufuku wa ESCCAPE, amene adachitika ku Malawi, Kenya ndi Tanzania, adapezanso kuti okonda tiyi ndi phala la moto ali pachiopsezo chachikulu. Fodya, mowa waukali ndi utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera nazonso zimatchulidwa. Nanga ndi amayi angati a ku Ulongwe amene adauzidwapo kuti phala liyambe lapola?

Zimene ofufuza apeza zimathera m'mabuku a Chingerezi ndi m'misonkhano ya m'mahotela, eni matenda osamva kanthu.

Thandizo nalonso lili kutali. Kuti dokotala aone chotupa, amalowetsa kachubu ka kamera kummero, ndipo odwala a m'maboma a Machinga ndi Balaka amatumizidwa ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre. Kumeneko madokotala adasonyeza kale kuti kachubu kachitsulo koikidwa pamene patsekeka kamathandiza wodwala kumezanso, ngakhale sikachiza khansayo. Koma banja limene lagulitsa nandolo yense lipeza kuti ndalama ya minibasi ya wodwala ndi womudikirira, ulendo kawiri katatu? Msewu womwewo ndi umene amayenda mwana amene mtedza wamulowa m'njira ya mpweya, pamene mphindi iliyonse ndi moyo.

Ena ati ndalama palibe. Koma Dr Wakisa Mulwafu atabwerako ku maphunziro ku Cape Town mu 2007, adali dokotala yekhayo wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi pakhosi m'dziko lonse. Sadakhale manja lende: adakhazikitsa nthambi ya matendawa ku Queens n'kuyamba kusula makiliniko ofesala oti akagwire ntchitoyi m'zipatala zina. Njira idalambulidwa kale.

Chatsala ndi cha Unduna wa Zaumoyo. Alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe kuti munthu wovutika kumeza, kapena amene mawu asasa kwa milungu ingapo, atumizidwe kuchipatala msanga. Mawailesi a m'madera afalitse zimene ofufuza a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS apeza, m'Chichewa ndi m'Chiyao. Ku Liwonde ndi ku Balaka kukhale zipangizo zounikira kummero ndi ogwira ntchito odziwa kuzigwiritsa. Aphungu a Machinga ndi Balaka akafunse zimenezi m'Nyumba ya Malamulo bajeti ya zaumoyo isanavomerezedwe.