Ampu ikamang'ung'uza, mverani kaye musanatulutse ndalama

Amalonda inu, sabata ino za mitengo ya tomato zipume kaye, tikambe za gumbagumba. Ambiri a inu mukusungabe ziampu zakale zija za Sansui, Pioneer kapena Kenwood, zolemera ngati thumba la simenti, zomwe mumakokera nazo makasitomala pa benchi kapena ku bala. Zambiri zidapangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, ndiye kuti zaka 50 zikukwana. Nkhalamba ikamabuula sitidabwa ayi. Koma "mmmmm" wa ampu amanena pomwe pali matenda, ndipo mutha kumufufuza nokha musanapite kwa okonza mawailesi.

Zimitsani ampuyo, zulani nthambo zonse za kaseti, CD kapena foni, musiye za masipika zokha. Tsitsani voliyumu mpaka pansi, kenaka yatsani. Phokoso likatha, ampu yanu ilibe mlandu. Vuto lili kunja: mwina nthambo yotchipa ija yaduka mkati, mwina mwaimangira pamodzi ndi waya wa magetsi, kapenanso ampu ili pa soketi ina, pomwe choimbira chili pa ina. Zibayeni zonse pa ekisitenshoni imodzi. Inu oimba mbale, kawaya kakang'ono kaja kamamangidwa pa sikuluwu yolembedwa GND kuseri kwa ampu. Wina akakuuzani kuti mudule waya wa efi pa pulagi kuti phokoso lithe, mukaneni. Tsiku lina chitsulo cha ampu chidzagwira mwana wanu.

Nanga likapitirira m'masipika onse awiri voliyumu ili pansi? Apo tsono ganizirani makapasita akuluakulu awiri aja, ooneka ngati zitini, oyandikana ndi thiransifoma. Magetsi athu amatembenuka ka 50 pa sekondi, ndipo akawongoledwa mkati mwa ampu amabwera modumphadumpha ka 100 pa sekondi. Makapasita ali ngati thanki ya madzi: mpope uzidukizadukiza, koma thanki imatulutsa madzi mosalekeza. Mkati mwake muli timadzi tomwe timauma ndi zaka komanso kutentha. Tikauma, kudumphadumpha kuja kumafika ku sipika, ndiye "mmmmm" mukumvayo. Nthawi zina amatupa pamwamba kapena kuchucha pansi.

Apa mpomwe anthu amaberedwa. Mekaniki wina angoyang'ana n'kuti, "Bwana, thiransifoma yapita." Dikirani kaye achimwene! Thiransifoma yopsa kawirikawiri imanunkha, imaphulitsa fyuzi kapena ampu siyaka n'komwe. Ampu yoti ikuimba Lucius Banda bwinobwino, kungoti ikung'ung'uza pansipansi, muuzeni ayambe wapima makapasita. Atsopanowo mavoti ake asachepere pa olembedwa pa akalewo, ndipo asawatembenuze miyendo, amaphulika. Akale akubwezereni m'manja, muwaone. Nokha musapisemo dzanja, chifukwa makapasita amasunga moto ngakhale mutazula pulagi.

Kukhetchera potembenuza voliyumu ndi fumbi chabe la mumsikamu. Pali mankhwala opopera ake. Palafini ndi mafuta ophikira ayi ndithu.

Chomwe chimandiwawa ine ndi nkhani ya fyuzi. Ikapsa, mnyamata wa pa benchi amakulunga kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya, nyimbo n'kupitirira. Komatu fyuzi sipsa dala. Ikapsa kawiri, mwina thiranzisita yaikulu yashota, ndipo mukaikakamiza mudzaotcha thiransifoma yomwe ija, imene kuipeza lero ndi ntchito. Nthawi zambiri gwero lake ndi dyera la masipika. Awiri a ma ohm 8 mukawalumikiza malo amodzi amakhala 4. Mukaunjika anayi amatsika kufika 2, ndipo maampu ambiri a m'nyumba sadapangidwire katundu wotero. Mukamva "duu!" wamphamvu poyatsa, n'kuona pepala la sipika latuluka n'kuima pomwepo, zimitsani msanga. Magetsi akulowa mu sipika ndipo koilo yake ikupsa.

Inu ogula maampu a kaunjika, tembenuzani muwerenge kuseri musanalipire. Yopangidwira msika wa ku Japan imafuna mavoti 100, ya ku America 120, pomwe kuno tili ndi 230. Ena ali ndi kaswichi kosinthira mavoti. Ngati palibe, pa mtengo womwe mukunenerera muwonjezerepo wa thiransifoma yotsitsa magetsi.