Mudzabwerera liti kumudzi?

Mukafuna kumva Chichewa ku Johannesburg, imani m'mawa pa Oxford Road ku Rosebank pamene mataxi akutsitsa anthu ochokera ku Alexandra, Yeoville ndi Hillbrow. Ena akuthamangira ku malesitilanti a ku The Zone, ena akukathirira maluwa m'nyumba za ku Parkwood ndi Saxonwold, ena ndi alonda oweruka usiku, ndipo ena akukayala ziboliboli pamsika wa zaluso pafupi ndi Rosebank Mall. Amalawi kuno timadziwika kuti ndife olimbikira ntchito, ndipo mbiri imeneyo ndi yoona.

Koma tamufunsani m'bale wathu aliyense kuti, "Achimwene, mudzabwerera liti kumudzi?" Yankho lake ndi limodzi: "Zikangoyenda." Wina amati, "Ndingopeza ya malata." Funsaninso kuti malatawo ndi angati, agulidwa mwezi uti, ndalama zake zili kuti. Apa munthu amayamba kuyang'ana pansi. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa amene akuyang'ana pansiyo amadzuka tambala asanalire, ndipo wakhala kuno mpaka mwana amene anamusiya ali kumsana walemba mayeso a Sitandade 8.

Agogo athu ankabweranso kuno pa nthawi ya Wenela ndi Theba, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito ya m'migodi. Sindikufuna kuyamikira dongosolo lija. Linali lankhanza, ambiri anabwerera ndi chifuwa cha m'migodi, ndipo mu 1974 ndege yonyamula Amalawi ochokera ku migodi inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, zomwe zinachititsa Kamuzu kuletsa ulendowo kwa kanthawi. Komabe kontirakiti yawo inali ndi tsiku lothera, ndipo gawo la malipiro ankakalandirira kwawo. Munthu ankadziwa kuti abwerera liti ndiponso ndi chiyani m'manja. Ife lero tinabwera tokha pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Palibe amene akutisungira ndalama, palibe amene anatilembera tsiku. Ngati sitidzilembera tokha, kutchona kumatipeza tisanakusankhe.

Ndiye ndikuti gulani kope. Lembanimo chimene munadzera kuno, chimodzi kapena ziwiri, osati khumi. Nyumba ya zipinda zitatu ku Mangochi. Fizi ya mwana mpaka Fomu 4. Mpamba wa golosale ku Mzimba. Pambali pake lembani mtengo, ndipo mtengowo mufunse kwa omanga kapena kusukulu komweko, osaganizira pamtima. Kenako lembani chaka ndi mwezi. Mukatero gawani mtengowo ndi miyezi imene mwadzipatsa.

Masamu amenewa amaopsa, ndipo ndi chifukwa chake ambiri timawathawa. Mu Marichi 2025 malipiro otsikitsitsa mwalamulo ku South Africa anafika pa R28.79 pa ola, kuphatikizapo antchito a m'nyumba ndi a m'maluwa. Pa mlingo umenewo, wogwira maola 45 pa sabata ankapeza pafupifupi R5,600 pa mwezi, ndipo ambiri opanda mapepala amalandira zochepera apo. Chotsanipo lendi, taxi, chakudya ndi mayunitsi. Zotsalazo ndiye pulani yanu yeniyeni. Zikasonyeza kuti nyumbayo itenga zaka zisanu ndi ziwiri, kuli bwino mudziwe lero, muchepetse zipinda kapena muwonjezere zaka mukudziwa, kusiyana ndi kumauza akazi anu Disembala iliyonse kuti chaka chamawa.

Povuta kwambiri ndi pa abale. Mwezi ukatha foni siipuma: ya feteleza, ya maliro, ya kuchipatala, ya mlamu amene njinga yake yathyoka. Zonsezi ndi zoona, ndipo munthu akakana m'bale wake sagona tulo. Ine ndimakhulupirira kuti kuthandiza kumudzi kulembedwe m'kope momwemo, ndi mlingo wake, ndipo akumudzi auzidwe poyera. "Amayi, mwezi uliwonse ndizitumiza zakutizakuti pa Mukuru. Zinazo ndi za nyumba, sindizikhudza pokhapokha pagwe zovuta zenizeni." Mawu amenewa amalemera pakamwa tsiku loyamba lokha. Makolo ambiri akaona maziko akukumbidwa amamvetsa, mwinanso amayamba kukutetezani kwa opempha ena.

Muganizirenso kumene ndalama za cholingazo zikugona. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, itagwetsedwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Amene ankaunjika makwacha kudikira kuti akwanire nyumba yonse anadzuka n'kupeza simenti yawathawa. Amene ankagula pang'onopang'ono, njerwa mwezi uno, malata mwezi wina, anapulumutsako thukuta lawo. Koma kugula patali kuli ndi minga yake. Malo akhale ndi umboni wa amfumu ndi mapepala olembedwa dzina lanu, ndipo woyang'anira ntchito azitumiza malisiti ndi zithunzi. Kufunsa lisiti kwa m'bale si chipongwe. Chipereganyu cha anthu odziwana bwino chimathandizanso, bola malamulo ake alembedwe.

Tsamba limene ambiri timalisiya lopanda kanthu ndi la thupi lathu. Timagona anthu asanu m'chipinda chimodzi, kudya buledi ndi tiyi, kugwira maganyu ndi Lamulungu lomwe, n'kumati tidzapuma kumudzi. Ena amasiya kumwa ma ARV kapena mankhwala a BP poopa kufunsidwa mapepala kuchipatala. Nyumba ija adzalowamo ndani? Lembani tsiku lokayezetsa magazi ndi BP monga mmene mwalembera tsiku logula malata. Dzipatseni tsiku lopuma, mupite kutchalitchi kapena kumzikiti, mukhale pansi ndi anzanu. Lowani bungwe la maliro, chifukwa kunyamula thupi kuchoka ku Joni kufika ku Malawi kwasiya mabanja ambiri m'ngongole. Ndipo ngati mukugwira ntchito ya m'nyumba muli ndi chilolezo, funsani za UIF, thumba lothandiza munthu ntchito ikatha. Dziwaninso kuti mu 2020 Khoti Lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula, pa mlandu wa Sylvia Mahlangu, kuti antchito a m'nyumba nawonso ayenera chipukutamisozi akavulala pantchito.

Dziko lino si lathu, ndipo nthawi zina limatikumbutsa mwankhanza. Mu Meyi 2008 ziwawa zinayambira ku Alexandra komweku n'kupha anthu 62. Mu 2015 boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga nzika zake, ndipo ambiri anakwera ndi kachikwama kokha. Tsono m'kope muja mukhalenso tsiku limene pasipoti yanu ikutha, nambala za anthu awiri odalirika, ndi ndalama ya basi yofika kwanu yosungidwa payokha, imene simudzaibwereka ngakhale mwezi utavuta bwanji.